Muuzeni za mayi wochapa zovala wa ku Louisiana

Achemwali, funso lanu landikhudza mtima. Mwati mwana wanu sanakhoze mayeso a Fomu 4, pano amaluka anthu tsitsi pakhonde, ndipo madzulo amangolira kuti zake zathera pomwepo. Mukamutchulira anthu akuda a ku America amene zinawayendera, amakuyankhani kuti onsewo ndi oimba ndi amasewera, iye alibe luso limenelo. Ndiye mwafunsa ngati alipo amene anadzuka ndi ntchito ya manja ngati yakeyo. Alipo, ndipo ntchito yake inali ya tsitsi yomweyo. Amadziwika kuti Madam C.J. Walker, koma dzina lobadwa nalo ndi Sarah Breedlove.

Anabadwa pa 23 Disembala 1867 ku Delta, m'chigawo cha Louisiana, pa esiteti ya thonje pomwe makolo ake anali akapolo. Akulu ake onse anabadwira mu ukapolo, iye ndiye woyamba m'banjamo kubadwa mfulu. Pofika zaka 7 anali wamasiye, mayi ndi bambo onse atatsikira kuli chete. Anakakhala kwa mkulu wake ku Vicksburg, tsidya lina la mtsinje wa Mississippi, komwe alamu ake ankamuchitira nkhanza. Anakwatiwa ali ndi zaka 14 pofuna kuthawa nyumba imeneyo. Ali ndi zaka 20 mwamuna uja anamwalira, n'kumusiyira kamwana kakakazi ka zaka 2, Lelia. Sukulu anangoilawa miyezi yowerengeka. Wanuyo wafika Fomu 4, mumukumbutse zimenezo.

Anasamukira ku St. Louis, komwe azichimwene ake ankameta anthu, n'kuyamba ganyu wochapa. Zaka zoposa 10 ali wowerama pa beseni, ndalama ya tsiku lonse kungopitirira pang'ono dola imodzi. Kutunga madzi, kuwiritsa nsalu, kufikisa, kufinya, kenako kusita ndi simbi yotenthetsa pamoto. Ine ndinakula ndikuona manja a amayi anga akabwera kochapa kumayadi: zala zotuwa, zong'ambika m'mphindiro, moti mchere ukawakhudza pophika ndiwo ankaluma mano. Ndikamawerenga za Sarah ndimaona manja amenewo. Ndi ndalama ya pabeseni yomweyo anaphunzitsa Lelia mpaka kumutumiza ku Knoxville College.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mwana wanu amvetsetse. Tsitsi la Sarah linayamba kuthothoka, m'mutu muli mfundu ndi zilonda. Sanali yekha. Nyumba zambiri za osauka zinalibe madzi a m'mipopi, anthu ankatsuka m'mutu mwa apo ndi apo, ndipo sopo wake anali waukali wowotcha khungu. Amayi akuda ambiri ankangobisa vutoli m'duku, makampani akuluakulu osawalabadira. Cha mu 1904 Sarah anayamba kugulitsa mafuta a tsitsi a mayi wina wakuda, Annie Turnbo Malone, amenenso anadzalemera kwambiri. Mu 1905 anapita ku Denver, chaka chotsatira anakwatiwa ndi Charles Joseph Walker, ndipo anayamba kupanga mafuta akeake, n'kuwatcha Wonderful Hair Grower. Sindibisa, iye ndi Malone anakangana, Malone akunena kuti wamubera kasakanizidwe. Koma mafuta osakaniza ndi salufa anthu ankawadziwa kale. Kwa ine, chimene chinamukweza si chinsinsi cha m'kabotolo ayi. Vutolo analidziwira pamutu pake, ndipo sanachite nalo manyazi.

Ankayenda khomo ndi khomo, tchalitchi ndi tchalitchi. Akafika ankamukhazika mayi pampando, kumutsuka m'mutu, kumusisita khungu ndi zala, kumupaka mafuta, anzake akuonerera. Pa kachitini ka mafutawo anaikapo nkhope yake. M'manyuzipepala a anthu akuda ankaika zithunzi zake ziwiri, china tsitsi lili lothothoka, china litamera. Mayi wochapa akaona ankati, uyu ndi mnzanga.

Mu 1908 anatsegula sukulu ya za tsitsi ku Pittsburgh n'kuitcha dzina la mwana wake, ndipo mu 1910 anakakhazikitsa likulu ndi fakitale ku Indianapolis. Apa ndiye pamandisangalatsa koposa. Sanadye yekha luso lija. Anaphunzitsa amayi zikwizikwi, ambiri a iwo ochapa ndi antchito a m'nyumba, kuti akhale maejenti ake. Ankayenda atavala bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, chikwama chakuda m'manja, ndipo phindu linkalowa m'matumba mwawo. Mu 1917 anawaitanira ku msonkhano waukulu ku Philadelphia, komwe mphotho sizinapite kwa ogulitsa kwambiri okha, komanso kwa amene anathandiza osowa kwawo.

Musaganize kuti atapeza ndalama onse anamuombera m'manja. Mu 1912, pa msonkhano wa amalonda akuda wa National Negro Business League ku Chicago, wapampando anali Booker T. Washington, mphunzitsi wotchuka wa ku Tuskegee, ndipo sanamupatse mpata wolankhula. Tsiku lomaliza mayiyu anangoimirira pakati pa azibambo aja osaitanidwa, n'kuwauza kuti iye anachokera m'minda ya thonje, n'kukwezedwa kupita pa beseni lochapira, kenako kukhitchini, ndipo kuchokera apo anadzikweza yekha mpaka kumanga fakitale pamalo akeake. Chaka chotsatira anamuika pa mndandanda wa olankhula. Banja lakenso ndi bambo Walker linatha mu 1912, koma dzina ndi kampani zinatsala m'manja mwake.

Inali nthawi imene munthu wakuda ankatha kupachikidwa pamtengo ndi gulu la azungu popanda mlandu kuzengedwa. Anthu akuda ataphedwa mwaunyinji ku East St. Louis mu 1917, iye anali m'gulu la atsogoleri amene anapita ku White House kukapempha lamulo loletsa kupha kotereku. Pulezidenti Woodrow Wilson sanakumane nawo. Sanagwe ulesi: analonjeza madola 5,000 ku bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP pa nkhondo yomweyo, monga anaperekera madola 1,000 pomanga nyumba ya anthu akuda ya bungwe la achinyamata achikhristu la YMCA ku Indianapolis. Nyumba yake yaikulu, Villa Lewaro, ku Irvington kufupi ndi mzinda wa New York, anaipereka kwa katswiri wakuda, Vertner Tandy, kuti ajambule pulani. Anangokhalamo pafupifupi chaka. Anamwalira pa 25 Meyi 1919 ali ndi zaka 51, BP itamuwonongera impso. Thupi linali litatopa kalekale.

Achemwali, musamulonjeze mwanayo kuti adzakhala mpondamatiki. Ochapa zovala anali ochuluka zedi m'dziko lija, amene anafika pamenepa ndi owerengeka. Koma mumufunse kuti amayi amene amakhala pa mkeka wake amadandaula chiyani akamavula duku. Ndikhulupirira amva za tsitsi lakutha m'mbali chifukwa chokoka kwambiri poluka, za mankhwala owongolera amene anawawotcha, za mfundu. Azilemba m'kope, aphunzire kuluka mosathinitsa, makasitomala ake azidziwa kuti pakhonde pamenepo mutu supweteka. Za mayeso asazitaye, alembenso mpata ukapezeka. Madam Walker atalemera kale analemba mphunzitsi woti azimuwongola powerenga ndi polemba.

Usiku uno mumubwereke foni afufuze dzinali pa intaneti. Apeza chithunzi chakale, mayiyu atavala chipewa, atagwira yekha chiwongolero cha galimoto yake, anzake atakhala pambali ndi kumbuyo. Mukatero mudzatiuze m'gulu muno kuti wati chiyani.