Tifunseni: yunivesite ya pamwamba pa Khondowe

*Mwana wanga wapeza malo ku University of Livingstonia. Anzanga akuti ndi kasukulu ka dzulodzulo ka kumudzi. Kodi ndimulole apite? — Kholo, Mulanje*

Zikomo kholo lathu. Kumudzi ndi kumudzi ndithu, koma za dzulodzulozo ayi. Yunivesiteyi inatsegulidwa mu 2003 ndi Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, koma maphunziro pamalopo anayamba kalekale. Amishoni a ku Scotland anafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala. Malungo atawapulula, anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo nakonso matenda sanawasiye. Mu 1894 mtsogoleri wawo, Dr Robert Laws, anasankha phiri la Khondowe, m'boma la Rumphi lero, chifukwa n'kozizira ndipo udzudzu ndi wochepa. Kumeneko anayambitsa Overtoun Institution, yomwe inkaphunzitsa aphunzitsi, abusa, akalaliki, amisiri a matabwa ndi zomangamanga, osindikiza mabuku ndi othandiza m'chipatala.

Amene anatuluka kumeneko anagwedeza mayiko. Clements Kadalie anakayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Levi Mumba anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. David Kaunda, bambo a Kenneth Kaunda, nawonso anaphunzira ku mishoniyi asanapite kukalalikira ku Chinsali, m'dziko la Zambia lero. Laws ankalakalaka kuti sukuluyo idzakhale yunivesite, koma anabwerera kwawo mu 1927 zisanatheke.

Komabe mbiri siilemba munthu ntchito. Musanalipire fizi, funsani ku National Council for Higher Education (NCHE) ngati kosi yeniyeni imene mwanayo akukaphunzira ndi yovomerezeka. Apa ndi pamene makolo ambiri amaphonya: amangomva kuti sukulu ndi yolembetsedwa, osadziwa kuti kosi iliyonse imaunikidwa payokha. Werenganinso bwino kalata yomuitana, chifukwa makosi ena amaphunzitsidwa ku Ekwendeni, osati kuphiri.

*Kodi kumeneko amafikako bwanji, ndipo ndinyamule chiyani? — Wophunzira watsopano, Dedza*

Kuchokera ku Mzuzu, kwera galimoto yopita ku Karonga pa msewu wa M1 ndipo utsike pa Chitimba, m'mbali mwa nyanja. Pamenepo pamayambira msewu wa Gorodi, wa makilomita pafupifupi 15, wokhotakhota malo pafupifupi 20 pokwera phiri. Msewuwu ndi wamiyala ndiponso wopapatiza; mvula ikagwa umaterera, ndipo galimoto zing'onozing'ono zimalephera. Yesetsa kufika pa Chitimba m'mawa, chifukwa madzulo matola amasowa ndipo oyendetsa njinga zamoto amakweza mtengo akaona kuti wasowa pogwira. Ngati katundu ndi wambiri, funsa za msewu wina wodzera cha ku Rumphi, womwe ndi wozungulira koma wosatsetsereka kwambiri.

Usanyengedwe ndi kutentha kwa pa Chitimba. Pamwamba pamazizira, makamaka mu June ndi July, ndipo m'mawa kumachita nkhungu. Nyamula mabulangete awiri, juzi yokhuthala, nsapato zolimba za m'matope, ambulera, tochi, ndowa yosungira madzi ndi power bank. Neti usaisiye, ukatsikira kunyanja pa Loweruka, udzudzu ukakupeza. Ndalama zina zikhale m'manja, zina pa foni, popeza mabanki ali kutali. Ukadwala, chipatala cha David Gordon Memorial chili pomwepo.

Anthu a kumeneko amayankhula Chitumbuka. Phunzira msanga moni wawo, "Muli uli?" ndi "Yewo". Amayi ogulitsa nthochi ndi masamba adzakulandira ngati mwana wawo.

*Ndimaopa kuti kumeneko ndikaboweka. Kulibe tawuni. — Mtsikana wa Fomu 4, Zomba*

Zisangalalo za m'tawuni kulibeko, n'zoona. Moyo umazungulira pa kalasi, laibulale, mapemphero, kwaya ndi mpira. Ubwino wake ndi woti pa sukulu yaing'ono aphunzitsi amakudziwa dzina, ndipo ukayamba kujomba amaona msanga. Kuipa kwake n'koti nkhani zimafala ngati moto wolusa, ndipo malo ochitira maphunziro oyeserera ntchito uyenera kuyamba kuwafufuza nthawi ikadalipo, chifukwa makampani ndi maofesi ali kutali.

Pa tsiku lopuma, yenda ukaone mathithi a Manchewe, kapena lowa mu Stone House, nyumba imene Laws ankakhala, yomwe tsopano muli zinthu zakale za mishoni. Pafupi napo pali malo amene mu 1959, pa nthawi ya State of Emergency, anthu a pamishoni analemba pansi "Ephesians 2:14" (vesi la Aefeso 2:14) kuti a m'ndege ya boma awerenge. Boma linali litafunsa ngati azungu a pamishonipo akufuna kusamutsidwa, ndipo iwo anali kuyankha kuti azungu sasamutsidwa, chifukwa iwo ndi anthu akuda akukhala mwamtendere.

Za fizi: ngati kwanu sangakwanitse, yang'anira nthawi imene bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board limatsegula zofunsira ngongole, ndipo ukonzeretu chitupa chaunzika ndi kalata yokuitana kusukulu.