Kodi ndalama zothandizira ophunzira a ku koleji zimakondera atsikana?

Funso: Alangizi, ine ndimakhala ku America ndi ana anga awiri. Wamkulu ndi mtsikana, ali chaka chachiwiri pa yunivesite ndipo amalandira thandizo la fizi. Mlongo wake akumaliza sekondale chaka chino koma wakanitsitsa kulemba mafomu a koleji. Akuti masiku ano makoleji ndi a atsikana, ndalama zonse amapatsa iwowo, ndiye bola akayambe ntchito kosungira katundu komwe anzake akulandira kale malipiro. Kodi akunena zoona? Mayi wodandaula.

Yankho: Mayi, mnyamata wanuyo waona chinthu chenicheni, koma chifukwa chake wachiphonya.

N'zoona kuti atsikana ndi ambiri. Pa ophunzira 100 alionse a digiri yoyamba ku America, pafupifupi 58 ndi akazi. Izi sizinayambe dzulo. Lamulo la Title IX, loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'sukulu zolandira ndalama za boma, linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akazi anali atapitirira kale amuna pa chiwerengero cha otenga digiri. Choncho akalowa m'kalasi n'kupeza anyamata akuchepa, maso ake sakumunamiza.

Koma za ndalamazo ndikutsutsa. Khomo lalikulu la thandizo ndi FAFSA, fomu ya boma yopemphera thandizo la ndalama za ku koleji, ndipo powerengera zoti mwana alandire amayang'ana zimene banja limapeza, chuma chimene lili nacho ndi kukula kwa banjalo. Kukhala mwamuna kapena mkazi sikulowa m'masamu amenewo. Pell Grant, ndalama ya boma yosabweza, inkafika madola 7,395 pachaka mu 2024 mpaka 2025 kwa ochokera m'mabanja opeza zochepa. Pa zaka zinayi imeneyo ndi pafupifupi madola 30,000. Ngati mlongo wake amalandira Pell, mwayi ndi waukulu kuti nayenso alandira, pakuti pakhomo ndi pamodzi. Chachikulu akhale nzika kapena akhale ndi chilolezo chovomerezeka, monga green card. Kale kunali chopinga cha anyamata okha: ukapanda kulembetsa ku Selective Service, kaundula wa omwe angaitanidwe kunkhondo, thandizo la boma sunkalilandira. Nyumba ya malamulo inachotsa lamulo lomangiriza zinthu ziwirizi kumapeto kwa 2020.

Pali pamene mwana wanu ali ndi mfundo. Alipo masikolashipu a akazi okhaokha, makamaka pa uinjiniya ndi makompyuta, pomwe a anyamata okha ndi ochepa. Komanso ndalama zoperekedwa potengera kukhoza zimatsata magiredi, ndipo atsikana ambiri amamaliza sekondale ndi magiredi abwino kuposa anyamata. Apa kusiyana kulipodi, koma kunabadwira m'kalasi zaka zingapo fomu isanalembedwe. Ku Kalamazoo, m'chigawo cha Michigan, kuyambira 2005 anthu akufuna kwabwino amalipirira fizi ana omaliza m'sukulu za boma za mumzindawo, mnyamata ndi mtsikana chimodzimodzi. Ofufuza atabwera kudzaona zotsatira anapeza kuti atsikana ndi omwe anapindula kwambiri pomaliza digiri. Ndalama inali pa tebulo, koma anyamata ambiri sanafike nayo kumapeto. Nkhani imeneyi imandivutitsa maganizo kuposa ya masikolashipu, chifukwa ikuonetsa kuti kulipira fizi kokha sikuchiza vutoli.

Mumuuzenso izi: mbali ina ya zomwe amazitcha thandizo ndi ngongole, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ngongole zonse za maphunziro ku America ali pamutu pa akazi. Si zonse zimene mlongo wake akulandira zili zoti n'kusilira. Ndiponso makoleji ena omwe si a boma, pofuna kuti chiwerengero chisapendekeke kwambiri, amalandira anyamata ndi manja awiri.

Ine ndikuganiza kuti chomukoka kwenikweni ndi malipiro a anzakewo. Mnyamata wa zaka 18 akaona mnzake wagula galimoto, zaka zinayi za sukulu zimaoneka ngati zaka 40. Musamunyoze, kufuna kudzidalira si mlandu. Koma khalani naye pansi ndi cholembera. Alembe zimene angalandire pa ntchitoyo pachaka, achotse msonkho, lendi, inshulansi ya galimoto ndi chakudya. Kenako mumufunse kuti munthu amene wagwira ntchito yomweyo zaka khumi akulandira zingati lero. Funso lachiwirili ndi limene anyamata sadzifunsa.

Sindikunena kuti aliyense apite ku yunivesite ya zaka zinayi. Ku community college, makoleji a m'madera a maphunziro a zaka ziwiri, angaphunzire zamagetsi, kuwotcherera zitsulo kapena unamwino pa zaka ziwiri kapena kucheperapo, fizi yake ndi yotsika, Pell imagwira ntchito pa maphunziro ovomerezeka, ndipo ambiri amaphunzira uku akugwira ntchito. Wodziwa zamagetsi mawa atha kutsegula bizinesi yakeyake, zomwe wonyamula makatoni sangachite mosavuta.

Pakali pano musalimbane naye zoti apite kapena asapite. Mumupemphe chinthu chimodzi chokha: alembe FAFSA. Ndi yaulere, simangirira munthu, ndipo nthawi zambiri imatsegulidwa pa 1 Okutobala. Alembe msanga, chifukwa ndalama zina za zigawo ndi za makoleji zimatha. Makalata a makoleji akabwera, musiyanitse ndalama zosabweza ndi ngongole, muone zotsala zoti mulipire nokha. Akaona nambala yake yeniyeni n'kunenabe kuti akufuna ntchito, mudzandilemberenso tikambirane za kasungidwe ka malipiro akewo.