Kodi Culture & Business Scotland ingathandize kagulu kathu ka magule?

Mayi wina wa ku Glasgow wandilembera pa imelo. Amatsogolera kagulu ka ana a Amalawi amene amakumana Loweruka kuphunzira nyimbo, chimtali ndi beni. Chaka chamawa akufuna kuchita chionetsero chachikulu pa 6 Julayi, koma holo, zovala ndi zokuzira mawu zikufuna ndalama zimene makolo sangakwanitse kusonkha. Funso lawo ndi ili: "Ndamva kuti kuno kuli bungwe lolumikiza makampani ndi anthu a zaluso. Kodi tikawalembera angatipatse ndalama, kapena kutipezera kampani yotithandiza?"

Mayi, zimene mwamvazo n'zoona. Bungwelo lilipo, ndipo masiku ano limatchedwa Culture & Business Scotland, pamene kale linkadziwika kuti Arts & Business Scotland. Koma kalata yopempha ndalamayo musailembe kaye. Khomo loyamba kugogoda ndi la kampani, ndipo bungweli limabwera pambuyo pake. Kuti mumvetse chifukwa chake, ndikufotokozereni kumene maganizo amenewa anachokera.

Mu 1967 ku America, David Rockefeller anayambitsa Business Committee for the Arts pofuna kuti eni makampani aziika ndalama pa zaluso. A ku Britain anatengerapo phunziro, ndipo mu 1976 anakhazikitsa Association for Business Sponsorship of the Arts, imene pambuyo pake inasintha dzina kukhala Arts & Business. Chimene chinapatsa mphamvu bungweli chinabwera mu 1984, pamene boma linaika m'manja mwake thumba la ndalama zowonjezera. Kampani ikangoyamba kumene kuthandiza gulu la zisudzo, oimba kapena nyumba yosungiramo zinthu zakale, boma linkaikapo zake pamwamba. Cholinga sichinali kugawa ndalama kwa aliyense wopempha ayi, chinali kukopa makampani amene sanaganizepo zothandiza zaluso kuti ayese. South Africa nayonso inatsata njira yomweyi mu 1997 pokhazikitsa Business and Arts South Africa, choncho abale athu a ku Johannesburg ndi Cape Town amene akuwerenga izi adziwe kuti nkhaniyi ikuwakhudzanso.

Mu 2011 Arts Council England, bungwe logawa ndalama za boma ku zaluso ku England, inalengeza kuti isiya kupereka ndalama ku Arts & Business, ndipo bungwelo linalowa m'bungwe lina lotchedwa Business in the Community. Nthambi ya ku Scotland inaima payokha, chimodzimodzinso za ku Wales ndi Northern Ireland. Mwayi wanu ndi umenewo: kumene mukukhalako ntchitoyi ikupitirira, ndipo thumba lotchedwa Culture & Business Fund Scotland, limene ndalama zake zimachokera ku boma la Scotland, linakhazikitsidwa pa mfundo yomwe ija, yakuti paundi imene kampani yatsopano yaika ikhoza kubereka paundi ina. Malamulo a thumbali ndi kuchuluka kwa ndalama zimene zilipo zimasintha, ndiye muwerenge bwino zimene alemba za chaka chimene mukupempha musanalonjeze kanthu kwa munthu.

Tsono apa mpamene pagona nkhani, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Magulu athu ambiri amalembera kampani ngati akupempha chithandizo cha maliro: tili pa mavuto, tichitireni chifundo. Kalata zotere zimafika zambirimbiri pa desiki ya bwana aliyense, ndipo zambiri sizimayankhidwa n'komwe. Siponsa sapereka mphatso, amagula kanthu. Ife Amalawi timazidziwa bwino zimenezi kudzera mu mpira. TNM itaika dzina lake pa Super League, kapena FDH Bank pa chikho chake, sanachite izo pomvera chisoni osewera. Anafuna kuti dzina lawo lizimveka pa wailesi sabata ndi sabata, ndi kuti wochemerera mpira akamasankha laini ya foni kapena banki, awakumbukire. Ndiye funso loti mudzifunse ndi komiti yanu si lakuti "ndani ali ndi ndalama", koma "ndani akufuna anthu amene adzadzaze holo yathu".

Ndipo anthu amenewo ndi amtengo wapatali kuposa mmene mumaganizira. Ndi anamwino, osamalira okalamba, ophunzira a ku yunivesite ndi mabanja amene amatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, amagula matikiti a ndege opita ku Lilongwe ndi Blantyre, amatumiza katundu pa sitima, amasaka ufa, usipa ndi nyemba m'masitolo a zakudya za ku Africa. Kampani yotumiza ndalama, yogulitsa matikiti, loya wothandiza za mapepala, kapena kampani yolemba ntchito osamalira okalamba, onsewa amavutika kuwapeza anthu amenewa pamalo amodzi. Inu muli nawo. Kuwonjezera apo, Scotland ili pa ubale wakale ndi Malawi kuyambira nthawi ya David Livingstone, amene anabadwira ku Blantyre ya komweko, ndipo mu 2005 maboma awiriwa anasainirana pangano la mgwirizano. Pali masukulu, mipingo ndi mabizinesi a Askotishi amene amanyadira ubale umenewu, ndipo ambiri a iwo mungawapeze kudzera ku Scotland Malawi Partnership.

Mukapita kukaonana nawo, tengani pepala limodzi lokha. Lembanipo tsiku, malo, anthu amene mukuyembekezera (nambala yoona, osati yokometsera), ndi zimene kampaniyo idzapeze: dzina lake pa chikwangwani ndi pa pologalamu, tebulo pakhomo, mipando ya antchito ake, mphindi ziwiri zoti ayankhule, zithunzi zoti aike pa Facebook yawo. Za zithunzizi musaiwale kuti ovinawo ndi ana, choncho chilolezo cholembedwa cha makolo chikhalepo musanalonjeze. Pomaliza mutchule kuti ndalama yawo ikhoza kuwonjezeredwa ndi thumba lija ngati pempho lanu livomerezedwa. Mwini bizinesi amatchera khutu akamva kuti mapaundi 1,000 ake akhoza kugwira ntchito ya 2,000.

Zamapepala ndizidutsa mwachangu, koma n'zofunika. Thumba lotere limagwira ntchito ndi bungwe lokhazikika, osati munthu payekha. Mukhale ndi malamulo olembedwa, komiti, ndi akaunti ya ku banki ya dzina la gulu. Ambiri ku Scotland amalembetsa ku OSCR, ofesi yoyang'anira mabungwe othandiza anthu, ngati SCIO, umene ndi mtundu wa bungwe lothandiza anthu limene lamulo limaliona ngati loima palokha. Mgwirizano ndi kampani ulembedwe ndi kusainidwa. Dziwaninso kuti a msonkho amasiyanitsa mphatso ndi ndalama ya siponsa, popeza yachiwiriyi amaiona ngati malonda. Kagulu kakang'ono sikafika pa mapaundi 90,000 pachaka pamene VAT imayambira, komabe funsani wodziwa za maakaunti.

Chimene ndimachikonda kwambiri pa mabungwe amenewa si ndalamazo ayi. Amaphunzitsa atsogoleri a magulu kalembedwe ka mapempho ndi kayendetsedwe ka komiti, ndipo kuyambira kale akhala akupezera magulu a zaluso anthu a m'makampani oti akhale mu bodi mwaulere. Munthu mmodzi wodziwa kusunga mabuku a ndalama angapulumutse kagulu kanu ku mikangano imene yapha magulu ambiri a Amalawi kunja kuno. Pa zimenezi mukhoza kuwalembera ngakhale lero.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalisiye. Dzina la kampani likakhala pa chikwangwani chanu, mbiri yake imakhalanso yanu. Tate, nyumba yoonetseramo zojambula ya ku London, inasiyana ndi kampani ya mafuta ya BP mu 2017 patapita zaka zambiri anthu akudandaula za ndalama za mafuta, ndipo mu 2024 Edinburgh International Book Festival, chikondwerero cha mabuku, inathetsa mgwirizano wake ndi Baillie Gifford, kampani yoika ndalama za anthu m'mabizinesi, chifukwa cha mkangano wa kumene kampaniyo imaika ndalama. Inu simudzakumana ndi zazikulu choncho, koma pa chionetsero cha ana, kampani ya juga kapena ya ngongole za katapira ndingaikane ngakhale itabwera ndi ndalama zochuluka. Khalani pansi ndi makolo mugwirizane mitundu ya mabizinesi amene simungawalandire, musanayambe kusaka.

Nthawi muli nayo, koma musadikire mwezi wa Meyi. Makampani amakonza bajeti zawo miyezi yambiri pasadakhale, ndipo pempho lopita ku thumba lija liyenera kulowa chionetsero chisanachitike. Sabata ino lembani mayina asanu a mabizinesi amene makolo a kagulu kanu amagulako kale, ndipo muyambe ndi amene mwini wake mumamudziwa nkhope. Pitaniko nokha ndi pepala lija, ndipo ngati n'kotheka muitaneni adzaone ana akuvina Loweruka.