Zoona dzimbiri lingachotse poizoni mmadzi?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wa ku koleji akuti ku Bangladesh madzi a pamjigo ali ndi poizoni wotchedwa arsenic ndiye akuti asayansi akumachotsa ndi dzimbiri. Ine ndangoseka. Dzimbiri lomweli la pamalata? Nanga kuwiritsa sikokwanira? Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, fizi yanu sikupita pachabe, mwanayo akunena zoona. Ku Bangladesh anakumba mijigo yambirimbiri kuyambira m'ma 1970 pothawa matenda otsegula mmimba, osadziwa kuti munthaka momwemo muli arsenic wachilengedwe, zinadzadziwika mu 1993 anthu atamwa kale zaka ndi zaka. Choopsa chake alibe fungo, alibe mtundu, madzi amakoma bwinobwino koma pakapita nthawi khungu limachita mawanga akuda, zikhatho ndi kuphazi kumalimba, ena mpaka khansa ya pakhungu, yachikhodzodzo kapena yamapapo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati arsenic asapitilire mamayikrogalamu 10 pa lita (mayikrogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu). Kumeneko anafika popaka mijigo penti, yofiira osamwa, yobiriwira imwani.

Kuwiritsa ndiye ayi ndithu, madzi amaphwera poizoni nkutsala yense mumphika. Kolorini nayenso amapha tizilombo basi.

Za dzimbirizo, sikuti mukapale malata anu chonde! Nkhani ndi yoti arsenic amakonda kukakamira pa dzimbiri lachitsulo, ndiye mukaligaya kukhala tinthu tating'onoting'ono toti ndi maso simungaone, malo okakamirapo amachuluka kwambiri. Mu 2006 gulu la Vicki Colvin ku Rice University, ku America, linaonetsa kuti tinthu ta magnetite (mtundu wa dzimbiri lachitsulo lokokeka ndi maginito) ta mananomita 12 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita) timagwira arsenic kenako umangotikoka ndi maginito wamba madzi nkutsala abwino. Ku India, Thalappil Pradeep wa ku sukulu yaukachenjede ya IIT Madras anapanga sefa yotchedwa AMRIT pa nzeru yofananayo ndipo yagwira ntchito mmidzi ya ku West Bengal. Poyeza madzi asayansi akuyeseranso tinthu tagolide tomwe timasintha mtundu tikakumana ndi poizoniyu, koma izi zambiri zikadali mmalabu.

Ineyo chimandidetsa nkhawa ndi sefa ikadzadza, chifukwa poizoni uja sanathe, wangosamukira musefamo, mukaitaya kudzala mvula nkubwera ndiye mwabwezera munthaka.

Ngati mjigo wakwanu mukuukayikira musalimbane ndi kuyang'ana madzi mutambula, uzani akomiti yapamjigo akaonane ndi ofesi ya zamadzi m'boma lanu kuti madziwo akayezedwe ku labu.