Makhadi a poker wa pakhomo: a pepala kapena a pulasitiki?

Funso: Alangizi, ine ndi anzanga asanu ndi mmodzi timakumana kwathu Lachisanu lililonse kusewera poker. Timaponya ndalama zochepa, zongoti masewero akome. Vuto ndi makhadi. Pakangotha milungu iwiri ndimagula paketi ina chifukwa sachedwa kupindika ndi kumatana, ndipo ndalama yake imatuluka m'thumba mwanga ndekha. Mnzanga wina akuti ndigule a pulasitiki, koma mtengo wake wandiopsa. Wina akuti ndizitapako kangachepe pa ndalama za pakati pa tebulo kuti ndizigulira makhadi. Nditani?

Yankho: Zikomo bambo polemba. Gulani a pulasitiki, mapaketi awiri a misana yosiyana mitundu, ndipo musonkherane nonse asanu ndi awiri. Zotapa pa ndalama za pa tebulozo zisiyeni, chifukwa chake ndichifotokoza kutsogoloku.

Tiyambe ndi mtengo umene wakuopsaniwo. Musayang'ane ndalama yolembedwa pa paketi yokha. Dzifunseni kuti usiku umodzi wosewera ukukudyerani zingati. Tiyerekeze kuti paketi ya pulasitiki ikudula kasanu ndi kamodzi kuposa ya pepala. Inu mwati ya pepala imatha milungu iwiri. Ndiye kuti pofika milungu 12 mwalipira kale mtengo wa paketi imodzi ya pulasitiki, ndipo pofika milungu 24 mwalipira wa mapaketi awiri, koma m'manja mulibe kanthu kupatula makhadi otha. Makhadi abwino a pulasitiki, oseweredwa kamodzi pa mlungu ndi kusamalidwa, amadutsa chaka ali bwinobwino, ena amakhala zaka zingapo. Ikanimo mitengo yeniyeni imene mukuipeza kumene mumagulako, muwerenge nokha. Masamu ake ndi omwe aja timachita pogula chipangizo cha pa bizinesi: mtengo kugawa ndi masiku amene chigwire ntchito.

Makhadi a pepala si oipa ayi. A Bicycle, a kampani ya United States Playing Card Company, amene anayamba kupangidwa mu 1885, amatsetsereka bwino akadali atsopano, ndipo ochita matsenga a makhadi amawakonda pa chifukwa chimenechi. Kungoti poker ndi masewero ozunza makhadi. Aliyense amapinda ngodya kuti asuzumire zimene wapatsidwa, kambirimbiri usiku umodzi. Pepala likapindika silibwerera, limamwa thukuta ndi mafuta a m'manja, ndipo chakumwa chikatayikira ndiye kuti latha. Pulasitiki amapindika n'kubwerera m'malo mwake, ndipo amatsukika.

Koma kwa ine nkhani yaikulu si kulimba. Khadi likakhala ndi kachilema, kaya kangodya kopindika kaya kadontho pamsana, aliyense amene wakaona ndiye kuti akudziwa khadi la mnzake. Safunika kukhala wakuba. Maso amangoloweza okha kuti khadi la A lija ndi lopindika pangodya. Munthu ameneyo akayamba kupambana Lachisanu lililonse, enawo amayamba kunong'onezana, ndipo pamene pali ndalama, ngakhale zochepa, kukayikirana kumapha gulu msanga kuposa kuluza. Ndiye mukamagula makhadi, mukugula mtendere wa anthu asanu ndi awiri okhala pa tebulo lanu, ndipo inu ngati mwini nyumba ndi amene mungalozedwe chala poyamba.

Pa chifukwa chomwechi yang'anitsitsani msana wa makhadi musanagule. Mu 2012 katswiri wa poker wa ku America, Phil Ivey, anapambana mapaundi 7.7 miliyoni pa kasino ya Crockfords ku London. Sankasewera poker koma punto banco, mtundu wa masewero ena a makhadi otchedwa baccarat, ndipo iye ndi mnzake ankazindikira makhadi poona kuti zojambula za pamsana sizinali zofanana ndendende m'mbali zonse. Kasinoyo inakana kulipira, ndipo mu 2017 khoti lalikulu kwambiri la ku United Kingdom linagamula kuti zimene anachitazo kunali kubera. Pakhomo panu sipadzafika ndalama zotere, komabe phunziro lake likukukhudzani. Sankhani msana umene umaoneka chimodzimodzi ngakhale khadi mutalitembenuza mutu pansi, wokhala ndi mpendero woyera kuzungulira. Pewani a chithunzi cha nyama kapena nyumba choyang'ana mbali imodzi. Pewaninso akuda mpaka m'mphepete, chifukwa akangokandika pang'ono chipsera chake chimaonekera patali.

Pogulapo pali msampha umodzi. Paketi ikalembedwa kuti "plastic coated", amenewo ndi makhadi a pepala ongopakidwa pamwamba, ndipo adzatha ngati amene muli nawowa. Mufune olembedwa "100% plastic". Mayina odziwika ndi Copag ya ku Brazil, imene inayamba mu 1908, Modiano ndi Dal Negro za ku Italy, Fournier ya ku Spain, ndi KEM ya ku America. A Copag ndi a pulasitiki wotchedwa PVC, amaterera kwambiri akadali atsopano koma amakhazikika mukawasewera kangapo. A KEM ndi a pulasitiki wina wotchedwa cellulose acetate, ofewa bwino m'manja, koma nthawi zambiri ndi odula ndipo amakhota akasungidwa pachinyezi kapena potentha. Kwa gulu ngati lanu, limene likungoyamba kumene a pulasitiki, ine ndingayambire pa a PVC a mtengo wapakati. Odulawo mudzawayese mukadziwa chimene manja anu amakonda.

Kukula kwake kulipo kuwiri. Otchedwa a poker ndi mamilimita pafupifupi 63 m'lifupi ndi 89 m'litali. Otchedwa a bridge ndi opyapyala, mamilimita 57 m'lifupi. Dzina lisakusokonezeni: zipinda zambiri za poker m'makasino zimagwiritsa ntchito a bridge, chifukwa savuta kusakaniza ndi kugawa. Pakhomo, pamene aliyense amagawako pa nthawi yake ndipo si onse ali ndi manja aakulu, opyapyalawo amathandiza. Za manambala a pangodya, ngati mumasewera mtundu wa poker wotchedwa Texas Hold'em, pamene makhadi asanu amayalidwa pakati kuti aliyense aone, a manambala aakulu otchedwa jumbo ndi abwino, makamaka kwa wokhala kumapeto kwa tebulo kapena wa maso ofooka. Kuipa kwake n'kwakuti umakweza ngodya kwambiri posuzumira, ndipo woyandikana nawe akhoza kuona. Chachikulu n'chakuti aziwerengeka mosavuta. Ngakhale pa mpikisano wa World Series of Poker ku Las Vegas mu 2007 anabweretsa makhadi a kalembedwe katsopano, osewera n'kudandaula kuti 6 ndi 9 zikusokoneza, ndipo anawachotsa mwamsanga. Makhadi okongola kwambiri a zojambula zachilendo asungeni ngati zokongoletsa.

Mapaketi awiri ndanena aja ali ndi ntchito. Pamene imodzi ikugawidwa, wina amakhala akusakaniza inayo, ndiye masewero saima. Misana ikasiyana, wina wofiira wina wobiriwira, khadi losokonekera limaoneka pomwepo. Pezaninso kakhadi kopanda cholemba koika pansi pa paketi kuti khadi lapansi lisaoneke pogawa. Musanayambe, werengani pamaso pa onse kuti akwana 52. Akada, apukuteni ndi kansalu konyowa ndi madzi ozizira ndi sopo wochepa, muwayale aume pamthunzi, kenaka abwerere m'bokosi lawo. Musawasiye padzuwa kapena m'galimoto yotsekedwa.

Tsopano za kutapa pa ndalama za pa tebulo. Ndikudziwa kuti mnzanuyo akufuna kukupeputsani, koma njirayo ndi yoopsa. M'mayiko ambiri lamulo limasiyanitsa masewero a abwenzi, pamene mwini nyumba sapindulapo kanthu, ndi malo a njuga, pamene mwini malo amadulapo gawo lake. Achiwiriwa amafuna chiphaso. Mukangoyamba kutapa, ngakhale mukuti n'za makhadi, mwayamba kuoneka ngati woyendetsa njuga. Fufuzani malamulo a dziko limene mukukhala, chifukwa kwina ngakhale kusewerera ndalama pakhomo n'koletsedwa. Kupatula lamulo, ndalama yotapidwa pang'onopang'ono palibe amaiwerenga, ndipo tsiku lina wina adzafunsa kuti yonse ija inapita kuti. Chosavuta n'chakuti muwauze mtengo, aliyense apereke gawo lofanana kamodzi, muwaonetse lisiti, ndipo mugwirizane kuti makhadiwo azisungidwa ndi ndani. Ndikupempheninso kuti ndalama yoseweretsa izichokera pa gawo la zosangalatsa mu bajeti yanu, osati pa mpamba wa bizinesi kapena pa za fizi, ndipo pa tebulo pasamakhale kukongozana.

Funso: Alangizi, ndili ndi kashopu ka mphatso ndi zamasewero. Kodi ndiodeko makhadi a pulasitiki odulawa?

Yankho: Odani, mayi, koma ochepa. Chimene ndamuuza bambo wa pamwambayu chikutanthauza kuti wogula a pulasitiki sabweranso msanga, pamene wa a pepala amabwera pafupipafupi. A pepala ndiwo azizunguza ndalama yanu, a pulasitiki akhoza kukhalitsa pa shelefu mpamba wanu utagona momwemo. Yambani ndi mabokosi ochepa a mapaketi awiriawiri, muone kuti akutenga nthawi yaitali bwanji kuti atuluke musanawonjezere. Tsegulani paketi imodzi ikhale yoonetsa, chifukwa munthu savomera mtengo wotere asanagwire khadi, kulipinda n'kuona likubwerera. Paketi yotsegulayo muiwerengere pa zowononga zanu poika mtengo wa enawo. Ndipo muziwoda kwa ogulitsa odziwika amene amapereka lisiti, popeza mayina otchukawa ali ndi achinyengo awo, ndipo kasitomala amene walipira mtengo wa pulasitiki n'kukapeza pepala adzabwera kudzafuna ndalama yake kwa inu, osati kwa amene anakugulitsani.