Funsani Malume: Mbale za m'sutikesi ya malemu

*Malume, bambo athu anatisiya chaka chatha kuno ku Matero. Pogawa katundu tinapeza sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, muli mbale za galamafoni 34. Palibe anazifuna, ndiye zinagwera ine. Zina zalembedwa WITCH, zina Ngozi Family, imodzi Amanaz, koma muli za Jim Reeves ndi ABBA. Sindinazimvepo chifukwa choliza chake chinafa ndisanabadwe. Nditaziika pa Facebook, mnyamata wina wati agula sutikesi yonse pa K800 ndipo akundiumiriza kuti tichite lero lomwe. Mng'ono wanga akuti ndisagulitse, ati woimba wina wa ku America anatenga nyimbo ya Paul Ngozi. Kodi n'zoona? Ndichite chiyani?*
*Mwana wachisamba, Matero*

Mwananga, pepa ndi maliro. Tsopano tseka sutikesiyo, uikankhire pomwe unaipeza, mnyamatayo umuuze kuti malume akana. Wogula akamathamanga chonchi, pali chimene waona m'zithunzi zako chimene iwe sunaone.

Mng'ono wako sakunama. Mu Okutobala 2024 Tyler, the Creator anatulutsa nyimbo yotchedwa Noid, ndipo mawu a Chinyanja amene akumveka mkati mwake ndi a Paul Ngozi, mtsogoleri wa gulu la Ngozi Family, otengedwa mu Nizakupanga Ngozi ya m'chimbale cha 45,000 Volts cha 1977. Ine ndinaimva koyamba m'minibasi ya ku Chilenje, kondakitala akuiliza pa foni. Nditamufunsa ngati akumudziwa amene akuimba Chinyanjayo, anandiyankha kuti, "Ni wa ku America, mudala." Ndinamuuza kuti wa ku America wakeyo anali mwana wa mu Lusaka muno, dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, anamwalira mu 1989, ndipo ku Kabwata kuli msewu wa dzina lake. Anandiyang'ana ngati ndaledzera m'mawa, n'kundipatsa chenji.

Ndagwira ntchito yokonza mawailesi ndi ma radiogram kuyambira ndili mnyamata, choncho mbale zimenezi zadutsa m'manja mwanga zili zatsopano, zikununkhabe pulasitiki. Nyimbo zake timazitcha Zamrock. Anali anyamata a ku migodi ndi a m'makomboni a Lusaka amene anamva Jimi Hendrix, Rolling Stones ndi James Brown, n'kutenga magitala olira mosasa aja kuwakwatitsa ndi ng'oma za kwathu. WITCH inachokera ku Kitwe, woimba wake Emmanuel Chanda, amene anthu anamutcha Jagari chifukwa ankadumpha pa siteji ngati Mick Jagger. Amanaz nayonso ya ku Kitwe, ndipo inatulutsa chimbale chimodzi chokha, Africa, mu 1975. Ngati chimenecho ndicho chili m'sutikesi yako, chigwire ndi manja awiri. Panalinso Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, Keith Mlevhu amene ankaliza yekha zida zonse pa chimbale chake, The Peace, Blackfoot, ndi ena ambiri. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo ku Ndola kunali Teal yodinda mbale ndi Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo yotola oimba. Wogwira ntchito mu mgodi akalandira pa kutha kwa mwezi, mbale imodzi inkalowa m'nyumba pamodzi ndi thumba la ufa.

Ndiye zinatayika bwanji? Anthu sanazide. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndalama ya mbale inayamba kupita ku ufa. Chakumapeto kwa zaka zimenezo ndege za Rhodesia zinayamba kuphulitsa misasa ya omenyera ufulu kufupi ndi Lusaka, boma linaletsa kuyenda usiku, magetsi n'kumazimitsidwa, magulu oimba anatsala ndi masana okha. Ndani angavine rock dzuwa lili paliwombo? Kenako kunabwera disco, kunabwera kalindula, kunabwera kaseti imene aliyense ankajambula kwa mnzake osalipira woimba. Chimene chinatsiriza ndi matenda a Edzi. Pa anyamata amene anaimba zimbale zoyamba za WITCH, Jagari yekha ndiye anatsala, ndipo iye anakakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakumba miyala yamtengo wapatali kutchire. Mbale zimene zinatsala m'nyumba ana ankaziponya m'mwamba ngati zidole, ena anazikhomera pakhoma, amayi ena n'kumavundikira mtsuko. Ndinaonapo mbale ya WITCH yotchedwa Lazy Bones!! itavundikira thobwa ku Chawama, sindinagone usiku umenewo.

Pamene ife tinkavundikira mitsuko, anthu a kunja ankazisaka. Kampani ya ku Los Angeles yotchedwa Now-Again, ya Eothen Alapatt, inayamba kuzidindanso cha m'ma 2010, ndipo mu 2017 inatulutsa Welcome to Zamrock! m'magawo 2. WITCH inadzukanso, Jagari ali patsogolo, inatulutsa Zango mu 2023 ndipo ikuimba m'mayiko a ku Ulaya ndi ku America. N'chifukwa chake mbale zoyambirira, zodindidwa nthawi imene ija, zimagulidwa kunja pa madola mazanamazana imodzi yokha ikakhala yosakalika. Za Jim Reeves ndi ABBA zinadindidwa zambirimbiri dziko lonse lapansi, zimenezo mtengo wake ndi wa nsima ya masana. Mnyamata wako akufuna zitatu kapena zinayi, zinazo akungokuthandiza kutaya.

Chita izi. Zichotse m'sutikesi, uziimike chilili ngati mabuku, osazisanjikiza, kutali ndi dzuwa ndi kutentha kwa malata, chifukwa mbale ikapindika siwongoka. Pogwira, gwira m'mphepete. Potsuka, gula madzi aja othira mu batire ya galimoto, madzi oyera okhaokha osati asidi, udonthezemo kadontho kamodzi ka sopo wotsukira mbale zodyera, upukute ndi kansalu kofewa motsata mizere yake, mozungulira. Kapepala ka pakati kasanyowe. Sipiriti, palafini ndi phulusa zikhale kukhitchini. Makatoni ake usawamate ndi selotepi ngakhale ang'ambike, ogula amafuna chikuto monga chilili. Ndipo wina akabwera ndi galamafoni yopukusa ndi dzanja, ya singano yachitsulo, umuthamangitse. Imeneyo ndi ya mbale zakale za 78, zozungulira maulendo 78 pa mphindi. Zako ndi za 33 ndi 45, singano yachitsulo izilima ngati khasu.

Mtengo ukaufuna, pa kapepala ka pakati pali nambala ya mbaleyo. Lemba nambalayo ndi dzina la gulu pa Discogs, tsamba la pa intaneti la ogula ndi ogulitsa mbale, uona zimene ena anagulitsira. Ugulitse imodzi imodzi, osati sutikesi.

Koma usanagulitse ngakhale imodzi, peza wokhala ndi choliza chabwino, uitane amayi ako ngati alipo, azakhali ako ndi mng'ono wakoyo, muziike. Yang'anitsitsa mbale imene yakalika kwambiri, ndi nyimbo imene mizere yake yachita mbuu. Imeneyo ndiyo bambo ako ankaibwereza. Ine pokonza ma radiogram ndinkamudziwa mwini nyumba ndi mbale imene yatha, ndisanamuone nkhope. Ikalira, uyang'ane azakhali ako, akuuza okha kumene bambo ako ankavinira ndi thalauza limene ankavala.

*Malume, ndili ndi zaka 68. Pali nyimbo ina imandizungulira m'mutu kuyambira 1976, ndinkaimva m'bala ina ku Kamwala. Sindikumbuka dzina lake kapena oimba, ndimangokumbuka kaliridwe ka gitala ndi mawu awiri atatu a Chingerezi amenenso mwina ndinkawamva molakwa. Mdzukulu wanga anayesa Shazam ine ndikung'ung'udza, sinapeze kanthu.*
*Bambo Tembo, Chawama*

Bambo Tembo, ndife a msinkhu umodzi, ndiye matenda anuwa ndikuwadziwa. Mdzukulu wanu musamudzudzule. Shazam imamvera nyimbo yeniyeni ikamalira n'kuiyerekeza ndi zimene inasunga, kung'ung'udza kwa munthu siikumva. Ya Google ndiyo imalola kung'ung'udza, muuzeni ayese imeneyo, koma nayonso imapeza zokhazo zimene wina anaziika pa intaneti. Timbale ting'onoting'ono tambiri ta 45 ta m'dziko muno sitinafikeko.

Yambani ndi Welcome to Zamrock! ija, magawo onse awiri, mumvere nyimbo iliyonse mpaka pakati. Mukapanda kuipeza mupezako gulu limene kaliridwe kake kakufanana nayo, ndipo mwayandikira. Koma njira imene yandithandiza kwambiri ine ndi ya anthu. Ng'ung'udzani pa foni, mdzukulu atumize pa WhatsApp kwa anzanu onse a nthawi imeneyo, makamaka amene anakulira ku Kitwe, Ndola ndi Chingola. Mumvetsenso wometa tsitsi wachikulire, woyendetsa takisi wopuma ntchito, aliyense amene ankagulitsa mowa. Mayi amene anaima kuseri kwa kauntala zaka zisanu anamva nyimbo iliyonse kambirimbiri, afune asafune. Pa wailesi pakakhala pulogalamu ya nyimbo zakale yoimbira foni, musachite manyazi, imbani mung'ung'udze dziko lonse likumva. Adzakusekani, koma wina ku Mufulira adzaidziwa.

Konzekaninso kukhumudwa pang'ono. Magulu a m'mabala ankaimba kwambiri nyimbo za kunja, ndipo ife tinkangoti ndi zawo. Ine ndinasunga ina mumtima zaka zoposa 30 ndikulumbira kuti anapeka ndi anyamata ena a ku Matero amene ndinkawakonzera ma amplifier. Tsiku lina mwana wanga akuliza zake pa kompyuta, ndinangomva iyo, yonse yathunthu. Inali ya Deep Purple, gulu la ku England. Ndinakwiya sabata yonse, ndipo mpaka lero ndimati a ku Matero ankaiimba bwino kuposa eni ake.

Mukalephera zonsezi, tumizani kung'ung'udza kwanuko kwa akonzi a magazini ino, andipatsira. Makutu anga ayamba kugontha koma kumanzere kukugwirabe.

*Malume, bambo anga amati Zamrock si nyimbo zathu, n'kutengera azungu chabe, zathu zenizeni ndi kalindula. Inu mukuti bwanji?*
*Wophunzira, Kaunda Square*

Bambo ako usakangane nawo, ndiwo akukulipirira sukulu. Koma uwafunse mwaulemu kuti gitala wa besi amene amanyamula kalindula wa m'ma 1980 anamera m'munda wa yani. Zida zonse zinabwera pa sitima, nkhani ndi yakuti unanena nazo chiyani. Paul Ngozi ankaimba za moyo wa m'komboni m'Chinyanja cha mu Lusaka, chimene mzungu sangachipeke. Amanaz ankasakaniza Chibemba ndi Chingerezi monga timalankhulira pa Soweto Market. Ngakhale Sampa the Great, woimba wobadwira m'dziko muno amene angathe kuimba ndi aliyense pa dziko, anabwerera ku kaliridwe komweka mu 2022 pa chimbale chake As Above, So Below.

Pamene ndingagwirizane ndi bambo ako ndi apa: si zonse zinali zabwino. Zina zinajambulidwa mothamanga, woimba ng'oma ali kutsogolo wa gitala akumuthamangira, Chingerezi chake chongotola. Anthu a kunja masiku ano amatamanda chilichonse cholembedwa 1975, ife amene tinalipo tinkadziwa zoyenera kudumpha. Uwaikire Africa ya Amanaz madzulo ena atadya, usawauze kuti ndi chiyani, ndipo uyang'ane phazi lawo pansi pa tebulo.