Mbiri ya Chapecoense Siinayambe mu 2016

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo kufunsa ngati timu ya Chapecoense ya ku Brazil ili ndi mbiri ina kupatula ngozi ya ndege ya mu 2016, ndipo akuganiza kuti pakanapanda ngoziyo palibe akanaidziwa. Funsoli landilasa mtima, ndipo chifukwa chake ndi timu ina imene inu simunaimvepo.

Ine ndinakulira m'tauni yaing'ono momwe munali timu yothandizidwa ndi kampani ina. Loweruka malume anga ankanditenga kupita kubwalo, lomwe linali lafumbi, mizere yake yothira laimu, ndipo ochemerera tinkaima kuseri kwa chingwe. Goloboyi wathu ankakonza njinga pamsika, moti Lolemba anthu ankapita kukapopetsa matayala n'cholinga choti amuyamikire kapena amudzudzule pamaso. Kampaniyo itasiya kupereka ndalama, timuyo inatha, ndipo lero aliyense akaitchula amangokamba za mmene inathera, ngati kuti zaka zonse zimene inkadzaza bwalo lija sizinachitike. Zimenezi zimandipweteka mpaka pano, ndipo ndi zomwezo zimene dziko likuichita Chapecoense.

Timuyi inakhazikitsidwa pa 10 May 1973 mumzinda wa Chapecó, kumadzulo kwa chigawo cha Santa Catarina, pamene matimu awiri a mumzindawo, Atlético Chapecoense ndi Independente, anaphatikizana. Chapecó ndi mzinda wa mafakitale okonza nyama ya nkhumba ndi nkhuku, ndipo uli kutali kwambiri ndi likulu la chigawocho, Florianópolis, kumene kuli matimu akale a Avaí ndi Figueirense. Patangotha zaka zinayi, mu 1977, anyamata ovala zobiriwira ndi zoyerawa anagonjetsa Avaí n'kutenga chikho cha chigawo chonse, ndipo anachitenganso mu 1996, 2007, 2011 ndi 2016. Bwalo lawo, Arena Condá, linatchulidwa dzina la Vitorino Condá, mtsogoleri wa anthu a mtundu wa Kaingang, omwe ndi eni nthaka a dera limenelo.

Koma gawo limene ndimalilemekeza koposa ndi la kukwera kwawo. Mu 2009 anali mu Série D, ligi yachinayi ya dzikolo, ndipo anakwera chaka chomwecho. Mu 2012 anatuluka mu Série C, ndipo mu 2013 anamaliza pa nambala yachiwiri mu Série B, kumbuyo kwa Palmeiras yokha, Bruno Rangel atagoletsa zigoli 31. Pofika 2014 anali kusewera ndi Flamengo ndi Corinthians mu ligi yaikulu. Aliyense amene anayendetsapo timu yaing'ono, amene amadziwa kuvuta kwa kupeza ndalama ya basi ndi malipiro a osewera, angavomereze kuti zimenezi sizichitika mwamwayi. Ndikunena mosabisa kuti munthu wonena kuti timuyi inatchuka ndi imfa yokha sanafufuze, chifukwa ndege ija inkawatengera ku fainolo ya Copa Sudamericana, mpikisano wa matimu a ku South America, ndipo kuti akafike kumeneko anachotsa matimu akuluakulu a ku Argentina. Goloboyi Danilo anagwira mapenate anayi polimbana ndi Independiente, kenako mu semifainolo anatchinga ndi phazi mpira wa San Lorenzo m'mphindi zomaliza.

Za ngoziyo

Usiku wa pa 28 November 2016, ndege ya kampani ya LaMia inagwa pafupi ndi Medellín ku Colombia mafuta atatha, ndipo mwa anthu 77 anamwalira 71, kuphatikizapo osewera 19 ndi mphunzitsi Caio Júnior. Danilo ndi Bruno Rangel anali m'gulu la omwalirawo. Osewera atatu, Alan Ruschel, Neto ndi Jakson Follmann, anapulumuka, ngakhale kuti Follmann anadulidwa mwendo. Abale athu a ku Zambia, amene anataya timu yawo ya dziko m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon pa ngozi ya ndege mu 1993, amaudziwa bwino ululu wotere. Atlético Nacional ya ku Colombia, yomwe inayenera kukumana ndi Chapecoense mu fainolo, inapempha CONMEBOL, bungwe loyendetsa mpira ku South America, kuti chikho chiperekedwe kwa Chapecoense, ndipo zinaterodi.

Matimu ena anapereka ganizo loti Chapecoense isamatsitsidwe mu ligi kwa zaka zitatu, koma atsogoleri ake anakana, ndipo ine ndimaona kuti anachita bwino, pakuti timu imene inakwera ndi thukuta lake sikanayenera kukhala pamwamba chifukwa chomveredwa chisoni. Mu 2017 osewera atsopano anatenga chikho cha chigawo n'kumaliza pa nambala 8 mu ligi yaikulu ya Série A. Mavuto a zachuma anadzawapeza pambuyo pake: anatsika mu 2019, anatenga chikho cha Série B cha 2020, kenako anatsikanso mu 2021 atapambana masewero amodzi okha mu Série A chaka chimenecho.

Choncho kwa inu amene munafunsa, mbiri ilipo ndithu. Yambani ndi chikho cha 1977, tsatirani zaka za 2009 mpaka 2013, ndipo mufufuze pa YouTube masewero a San Lorenzo aja musanawerenge chilichonse chokhudza ndege.